Mutu 9: Dzenje la Kumtunda kwa Chitsime

1. Namthiko

Kusukulu ankamutchula kuti Namthiko. Dzinali silinachokere kukhitchini ayi. Linachokera ku mtengo wautali umene mtsikanayu ankatakasira dzenje la abambo ake m'mawa uliwonse asanavale yunifolomu. Ngakhale asambe ndi sopo mpaka khungu kutuwa, kafungo kankatsalirabe m'zikhadabo. Anzake a m'kalasi, amene mphuno zawo zinali zakuthwa kuposa mitu yawo, sankalephera kukamva.

Dzenjelo linali kumtunda kwa dimba, kuseri kwa nthochi. Linali lakuya kulekeza m'chifuwa mwa munthu wamkulu, lopanda simenti pansi kapena m'mbali. Abambo ake ankathiramo zitosi za nkhuku, kuwonjezeramo feteleza wa yureya, n'kudzazamo madzi. Zikachita thovu, ankatunga msuziwo n'kumathirira kabichi m'mawa ndi madzulo, kaya kuwale dzuwa kaya kugwe mvula.

Kabichi wake sitinganame, ankakula. Kumsika anthu ankachita kumulimbirana, ndipo abambowo ankayenda mapewa ali m'mwamba. Ankakonda kunena kuti alimi ena amalima ndi khasu koma iwo amalima ndi mutu.

Dzenje limeneli linali ndi khalidwe limodzi lomwe aliyense ankaliona koma osafunsa. Ukalidzaza lero, mawa unkapeza latsika. Abambo ankati limamwa ndi dzuwa. Namthiko ankaona kuti ngakhale kuchite mitambo tsiku lonse, dzenje linkatsikabe, koma sankayankhapo.

Kumunsi kwa dimbalo, pamtunda wongoponya mwala, kunali chitsime chimene banja lonse linkamwa.

2. Chikwama pakhonde

Amayi ake a Namthiko anamwalira iye ali wamng'ono. Kuyambira pamenepo nyumba inkayendetsedwa ndi azakhali, achemwali awo a abambo, mayi wa mawu okuluwika pang'ono ndi okalipa ambiri. Achimwene ake a Namthiko ankayendetsa lole ya maulendo ataliatali, ndipo anasiya pakhomopo mkazi wawo ndi khanda.

Alamu akewo anadwala kwambiri atangobereka, mpaka mawere anauma. Mwana ankamwa mkaka wa m'chitini wosungunula ndi madzi a pachitsime. Posakhalitsa anayamba kufooka ndi kupuma mobanika. Milomo ndi zikhadabo zake zinkada ngati wazipaka inki.

Kuchipatala anamuthandiza ndipo anatsitsimuka. Anamwino anafunsa za madzi amene mwanayo ankamwa. Atamva kuti chitsime chili kumunsi kwa dimba, analamula kuti asamupatsenso madzi amenewo, ndipo anati atumiza alangizi a zaulimi kuti adzawayeze.

Alamu atafotokoza zimenezi kunyumba, zinakhala ngati athira mafuta pamoto.

"Tamverani kuno, mayi a mwana," anatero azakhali, manja ali m'chiuno. "Chitsime chimenechi ndamwa ine, wamwa mchimwene wanga, wamwa mwamuna wanuyo mpaka kumera ndevu. Palibe amene anadapo milomo. Mwabwera inu dzulodzuloli, basi chitsime chaipa? Madzi ake ndi oyera mbee, sanunkha, sawawa. Vuto lili m'manja mwanumo. Ndinakuuzani kuti madzi a mwana aziwira mpaka atsale theka la poto. Inu akangoyamba kulira mwaphula kale, kuthamangira wailesi. Ndikapanda kuimirira ine pamoto, mwana amamwa madzi osapsa. Tsopano mwakanamiza anamwino kuti mubise ulesi wanu. Pakhomo pano sitisunga munthu wotiphera mwana. Mupite kwanu mukaphunzire kulera, mwanayo ndilera ndine."

Alamu anali munthu wofatsa, ndipo kufatsa pakhomo limenelo kunkaoneka ngati kuvomera mlandu.

Namthiko anayamba kubwera ndi madzi a pampopi wa kusukulu. Ankawathira m'mabotolo n'kuwabisa pakati pa mabuku. Zinayenda bwino mpaka azakhali atawatulukira. Anawakhuthulira pabwalo onse, akunena kuti mwana wa mbumba yawo samwa madzi opempha.

Lachisanu madzulo azakhali analongedza okha zovala za alamu m'chikwama n'kuchiika pakhonde. Anati alangizi akangobwera mawa lake n'kutsimikiza kuti chitsime chilibe vuto, chikwamacho chinyamuke ndi mwini wake.

3. Nazale ya tsiku limodzi

Loweruka m'mawa abambo anaitana Namthiko kudimba. Iye anatenga mtengo wake wotakasira, koma abambo anamulanda n'kuuponya pakati pa nthochi.

Anayala mitengo pamwamba pa dzenje, pamitengopo n'kuyala malata akale. Pamalata anathira dothi ndi udzu wouma. Kenako anauza Namthiko kuti atute timachubu ta mbande za tomato n'kutindandalika pamwamba pake. Pomaliza panaoneka nazale yokongola, moti munthu akanalumbira kuti yakhalapo chaka chonse.

Namthiko anafunsa chapansipansi kuti akubisiranji dzenje ngati silinalakwe kanthu.

Abambo anaongoka, thukuta lili kamukamu, n'kumuloza ndi chala.

"Iwe, tandiyang'ana. Dzenje ili ndi limene lakuveka nsapato. Ndi limene lakuika m'kalasi momwe waphunziramo mwano umenewu. Anthu a mabukuwa akabwera pakhomo pa munthu safuna kuona zabwino, amafuna pomuyambira. Akangoliona, mawa anthu onse a kumunsiku adzandikwera pamutu. Mwana akatsokomola, ndine. Mbuzi ikatsekula m'mimba, ndine. Anayamba kale kundichitira nsanje chifukwa kabichi wawo amafanana ndi chibakera. Za pakhomo pano zimathera pakhomo pano. Akakufunsa, apa ndi pa nazale. Ukatsegula pakamwa pakopo, udziwe kuti wadzitsekera wekha chitseko cha nyumba ino. Ndakulera movutika amayi ako atatisiya. Usandibwezere manyazi."

"Nanga alamu?" anafunsa Namthiko.

Abambo anati zimenezo ndi za azimayi, iwo sizikuwakhudza. Anatola khasu lawo n'kutsetsereka, osacheukanso.

Namthiko anatsala ali chiimire. Ankawakonda abambo ake, ndipo ankawaopanso. Zonse ziwirizi zinamulemera pamtima m'mawa umenewo.

4. Kapepala kosintha mtundu

Alangizi anafika dzuwa litakwera, pa njinga yamoto yolira ngati ili ndi chifuwa. Anali mayi wojintcha, wovala jombo, wosakonda kutaya nthawi ndi malonje ataliatali. Abambo anawalandira ndi nsangala zongoonetsa mano. Azakhali sanawapatse n'komwe mpando.

Onse anapita kuchitsime. Alamu anabwera pambuyo, mwana ali kumsana, n'kuima chapatali ngati mlendo.

Alangizi anatunga madzi n'kuthira m'kapu. Anatulutsa kapepala kakang'ono koyera, n'kukaviika, kenako anakagwira m'mwamba kuti aliyense aone. Azakhali anaseka n'kunena kuti iwo ankayembekezera makina, osati kachidutswa ka pepala. Akuseka choncho, kapepala kaja kanayamba kufiira.

Nkhope ya alangizi inasintha. Anayerekeza kapepalako ndi mitundu yojambulidwa pabotolo lake, n'kupukusa mutu.

"Ndikufuna mundimvetse bwino nonsenu," anatero. "Mbewu zimafuna chakudya chotchedwa nayitirojeni. Ndi chimene chimabiriwitsa masamba. Chili mu feteleza, chili m'manyowa, chili m'zitosi, ndipo pachokha si choipa. Koma mbewu imadya pang'onopang'ono ngati mwana. Mukaipatsa chambiri nthawi imodzi, chotsalacho sichikhala m'nthaka kudikira mawa. Chimasungunuka ngati mchere. Madzi othirira ndi a mvula amachitenga n'kutsika nacho, kupitirira mizu, mpaka kukafika pa madzi a pansi amene zitsime zimamwapo. Sichioneka, sichinunkha, lilime silichimva. Munthu wamkulu akhoza kumwa zaka zambiri osazindikira kanthu. Koma khanda ndi lanthete. Zikalowa m'thupi mwake, magazi amalephera kunyamula mpweya. N'chifukwa chake milomo imada ndipo mwana amabanika. Madzi awa mwana asamwenso, ngakhale dontho."

Azakhali analumpha. Anati n'zimene iwo akhala akunena, kuti madzi a mwana amafunika kuwiritsa mokwanira, koma ena pakhomo pano makutu anagontha. Anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi poto wa madzi amene anawiritsa okha m'mawa umenewo mpaka kutsala theka. Anauza alangizi kuti ayeze amenewo, aone kusiyana kwa ntchito ya munthu wamkulu ndi ya mwana.

Kusiyana kunaonekadi. Kapepala kachiwiri kanafiira psuu, kuposa koyamba kaja.

"Mayi, kuwiritsa kumapha tizilombo, ndipo ndi chinthu chabwino," anatero alangizi. "Koma izi si tizilombo. Madzi akamawira, amene amathawa ndi nthunzi ndi madzi enieniwo. Mchere uja suthawa, umatsala mupoto. Poto akatsala theka, ndiye kuti mwana akumwa mlingo wowirikiza."

Azakhali anayang'ana poto, anayang'ana mwana. Munthu wina akanapepesa pomwepo. Koma manyazi a azakhali sankachedwa kusanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo wawo unkadziwa kale kolowera.

5. Mlandu upeza mwini

Alangizi anati chitsime sichidwala chokha, pali chimene chikuchidyetsa. Anayamba kuzungulira pakhomo. Chimbudzi chinali kutali, chakumunsi. Khola la ziweto panalibe. Anafunsa abambo mmene amathirira feteleza, ndipo iwo anayankha kuti amangotsina pang'ono pa phando lililonse, monga amanenera pa wailesi.

Anakwera kudimba. Alangizi anayang'ana kabichi wobiriwira moderako, n'kugwira dothi lonyowa chinyowere. Atafika kuseri kwa nthochi ananunkhiza m'mwamba. Abambo anafulumira kunena kuti ndi fungo la manyowa a m'timachubu. Alangizi anayamikira mbandezo kuti zamera bwino, n'kubwerera.

Namthiko ankayenda pambuyo pawo, maso ali pansi.

Atabwereranso pachitsime, alangizi anati sakumvetsa. Pamenepo abambo anakhosomola. Anati angokumbukira kumene kuti apongozi awo, mayi a mwanayo, amakonda kuchapira matumba a feteleza pachitsime pomwepo, kuti azisokera mphasa yoyanikapo zinthu. Ananena zimenezi akuyang'ana kumbali.

Azakhali anailandira nkhaniyo ndi manja awiri. Anati iwonso anawaonapo kangapo konse, ndipo anawaletsa koma sanamve.

Linali bodza lamkunkhuniza. Alamu anali asanagwirepo thumba la feteleza chibwerereni pakhomopo. Anayesa kukana, koma mawu awo anamira m'mawu a azakhali.

Alangizi anati akukayika ngati matumba okha angaipitse chitsime chotero, koma sangatsutse eni khomo pa zimene iwo sanaone. Anayamba kulongedza zipangizo zawo.

Azakhali sanadikire kuti mlendo achoke. Anakatenga chikwama chija pakhonde n'kuchiponya pamapazi pa alamu. Kenako anamasula nsalu kumsana kwa alamuwo n'kulanda mwana. Mwanayo anayamba kulira ndi kamawu kake kosasa.

Alamu sanalimbane nawo. Anangotembenukira kwa Namthiko, misozi ili mbwembwembwe.

"Mlamu, iwenso ukuti ndine?"

6. Malata

Namthiko anatembenuka n'kuyamba kukwera kudimba. Abambo anamuitana kamodzi. Anamuitananso mokweza, koma iye sanacheuke. Alangizi anasiya kulongedza n'kumutsatira, ndipo enawo analibe kuchitira mwina koma kulondola.

Atafika pa nazale, Namthiko anayamba kuchotsa timachubu ta mbande, kamodzikamodzi, n'kumatiika pambali mosamala. Abambo anafika n'kumugwira pamkono, koma alangizi anaima pakati pawo n'kuwauza kuti amusiye mwanayo amalize.

Anakokera lata loyamba pambali. Fungo linabuka ngati lakhala likudikira, ndipo ntchentche zinati wuu. Pansi pake panali msuzi wakuda wa thovu. M'mbali mwa dzenje munkaoneka mzere wonyowa pamene madzi analekeza dzulo lake, ndipo tsopano anali atatsika kupitirira chikhatho.

"Alangizi, dzenje ili timalidzaza tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku ndi tsiku limatsika," anatero Namthiko. "Si dzuwa ayi. Ndimatakasa ndine, ndikudziwa. Alamu sanachapepo thumba lililonse."

Alangizi anayang'ana dzenje, kenako anaponya maso kumunsi kumene kunali chitsime. Sanafunikire kapepala kena.

"Bambo, ndinu mlimi wakhama, zimenezo ndaziona ndi maso anga," anatero. "Koma dzenje ili likudyetsa chitsime kuposa kabichi. Zimene mukutaya pansi apa n'zambiri kuposa zimene mbewu zikudya. Litungeni lonse, mulikwirire. Manyowa muziunjika kutali ndi chitsime, pamalo olimba pansi, ofoleredwa kuti mvula isawatsuke. Feteleza muzithira pang'ono, kangapo, mbewu ikamakula, osati kukamabwera chimvula. Muziphimbira nthaka ndi udzu kuti musamathirire madzi ochuluka chonchi. Chaka china mubzaleko nyemba kapena nandolo, zimene zimadzipangira zokha chakudya chimenechi n'kusiyako china m'nthaka. Kabichi adzachepako msinkhu, koma simudzagona ndi njala. Ndipo ndisakunamizeni, ngakhale mukwirire lero, chitsime sichiyera mawa. Zimene zinalowa pansi zimatuluka mochedwa. Zikhoza kutenga miyezi, mwinanso zaka."

Abambo sanamve ngakhale theka la mawu amenewa. Maso awo ofiira anali pa Namthiko.

Alangizi anawonjezera kuti madzi a pansi sadziwa malire a minda. Anati achoka pamenepo kupita kumakomo a kumunsi, kukayeza zitsime zonse tsiku lomwelo.

Apa m'pamene abambo anatsegula pakamwa. Anawapempha kuti adikire kaye, nkhaniyi ikambidwe mwachinsinsi ngati anthu akuluakulu. Alangizi anayankha kuti kumunsiko kulinso makanda, ndipo makanda sadikira. Posakhalitsa njinga yawo inamveka ikutsetsereka.

7. Chikwama chisintha mwini

Abambo anakakhala pansi pa mtengo wa pabwalo, chipewa chili pamaondo, mpaka dzuwa kupendeka.

Azakhali anabweza mwana kwa amake osawayang'ana kumaso. Kupepesa kunawakanika. M'malo mwake anatsegula chikwama chija n'kukhuthulira zovala za alamu pakhonde. Anachikutumula bwinobwino, n'kuchiponya chopanda kanthu pamapazi pa Namthiko.

"Popeza pakamwa pako pakula kuposa nyumba ino, kafune ina yokukwana," anatero. "Wavula abambo ako pamaso pa mlendo. Mwana wotere ine sindinamuonepo."

Alamu anagwada pansi, mwana ali m'manja, n'kupempha azakhali ndi abambo kuti amukhululukire mtsikanayo. Anati ngati pakufunika wina wochoka, wochokayo akhale iwo monga zinakonzedwera poyamba.

Namthiko anayang'ana abambo ake. Ankayembekezera kuti amukalipira, mwinanso kumukwapula, ndipo zimenezo akanazipirira. Koma abambo sanakweze mawu n'komwe.

"Ndinakuuza m'mawa," anatero. "Wasankha wekha."

Mawu amenewa anamupweteka kuposa ndodo. Analira, ndipo sanabise. Koma mwana uja anayambanso kulira ndi njala, ndipo m'nyumba monse munalibe madzi oti n'kumusungunulira mkaka.

Namthiko anapukuta misozi n'kutola chikwamacho. Sanapite kuchipinda kwake kukatenga zovala. Anapita kuseri kwa khitchini kumene azakhali anataya mabotolo aja, n'kuwatolera onse m'chikwamamo. Anauza alamu kuti akupita kumpopi wa kusukulu, ndipo za kumene akagone aziona mwana akamwa.

Palibe amene anamuletsa. Ngakhale azakhali anangoyang'ana kumbali.

Atangotsegula chipata anaima. M'kanjira kochokera kumunsi munkabwera anthu, amuna ndi akazi, atandondozana. Ena ananyamula ndowa zodzaza ndi madzi a m'zitsime zawo. Ena ananyamula makasu. Patsogolo panali mmisiri wa matabwa, bambo wofatsa amene mkazi wake anali atangobereka kumene mwana woyamba. Pakati pa zala zake anagwira kapepala kofiira.

Anaima pamaso pa Namthiko n'kuyang'ana chikwama, kenako anayang'ana kupyola paphewa lake, kumtengo wa pabwalo.

"Abambo ako alipo?" anafunsa.

Namthiko anacheuka. Abambo ake anali ataimirira, chipewa chitagwera pansi, ali okhaokha pakati pa bwalo. Iye anali pachipata, dzanja limodzi lili pa chikwama, lina likadali pa chitseko.